Zitumbuwa, Chigumu ndi Zotsekemera Zina za Kwathu: Mafunso ndi Mayankho

Mafunso awa ndi amene ndimafunsidwa mobwerezabwereza ndi atsikana a m'banja mwathu, amayi anzanga a ku banki m'khonde ndi a ku Chigwirizano, komanso abale okhala m'tauni amene amakumbukira kuimba foni pokhapokha chigumu chikawapserera. Ndinakulira kufupi ndi Kamwendo m'boma la Mchinji, ndipo zambiri zimene ndalemba pano ndinaziphunzira kwa agogo anga aakazi ndi kwa azakhali. Paliponse pamene ndatchula kapu, ndikunena kapu ya tiyi yolowa mamililita pafupifupi 250.

Kodi zotsekemera za pakhomo ndi ziti kwenikweni?

Ndi zakudya zozuna zimene mayi amapanga yekha pogwiritsa ntchito zimene zili m'nkhokwe ndi kudimba: zitumbuwa, chigumu, mikate ya nthochi yokulunga m'masamba, futali, mtedza wa shuga, mandasi, thobwa, jamu ndi chakumwa cha malambe. Kwathu kuno sitidya zimenezi pomaliza nsima monga amachitira kumahotela. Zili ndi nthawi yakeyake, ndipo nthawiyo ndi ya tiyi wa m'mawa, ya alendo ofika masana ndiwo zisanapse, ya anthu amene ali kumunda kapena m'chigafa cha fodya, ya mwana wopita kusukulu, ndi ya zinkhoswe ndi maukwati.

Kodi zimenezi ndi za makolo athu kapena n'zobwera?

Zambiri n'zosakanizika. Chimanga, mtedza, mbatata ndi chinangwa zinachokera ku America ndipo zinafika mu Africa kudzera m'malonda a Apwitikizi, pamene nthochi zinachokera ku Asia kalekale zimenezi zisanafike. Mayina a mandasi ndi zitumbuwa ali pachibale ndi mandazi ndi vitumbua a Chiswahili, ngakhale kuti vitumbua a kugombe la nyanja ya mchere amapangidwa ndi ufa wa mpunga ndi kokonati, pamene ife tinaikamo mgaiwa ndi nthochi. Shuga wa m'paketi anafala posachedwapa, chifukwa fakitale ya ku Nchalo inayamba kupanga shuga mu 1966 ndipo ya ku Dwangwa inabwera pambuyo pake. Agogo anga ali mtsikana, chakudya chinkazuna ndi nthochi zakupsa, uchi, chimera ndi mbatata yokhalitsa, ndipo ana ankatafuna nzimbe ndi misale. N'chifukwa chake maphikidwe akale enieni amakoma ngakhale mutachotsamo shuga yense, pamene mandasi opanda shuga ndi fulawa chabe wokazinga.

Kodi chigumu, chikondamoyo ndi chimimina n'zosiyana?

M'mabanja ambiri mayinawa amagwiritsidwa ntchito mosinthanasinthana, ndipo kukangana za dzina n'kutaya nthawi. Kwathu tinkati chigumu tikamanena chophikidwa ndi mgaiwa ndi nthochi, cholemera ndi chonyowa pang'ono mkati. Chikondamoyo chinali cha masiku abwino, chopanda nthochi koma chokhala ndi shuga, mkaka ndipo mwina dzira ndi fulawa pang'ono, motero chinkakhala chopepuka. Apongozi anga a ku Santhe, m'boma la Kasungu, zonsezi amangoti chigumu. Mukamapempha kaphikidwe kwa munthu, mufunseni zimene amathiramo, osati dzina lokha.

N'chifukwa chiyani akuluakulu satchula miyezo, ndipo ndingaphunzire bwanji kwa iwo?

Ili ndilo funso lalikulu kuposa onse, ndipo ambiri amalifunsa mokhumudwa, poganiza kuti agogo kapena apongozi akubisa dala. Nthawi zambiri sakubisa kanthu. Muyezo wawo uli m'dzanja, m'maso ndi m'khutu, ndipo sangautchule chifukwa umasinthasintha. Nthochi za lero zili ndi madzi ambiri kuposa za dzulo, mgaiwa wa chimanga cha makolo umamwa madzi mosiyana ndi wa chimanga cha haibulidi, ndipo makala a mtengo wina amatentha kuposa a wina. Munthu amene waphika chigumu zaka 50 sayang'ana kapu. Amayang'ana mmene zosakanizazo zikugwera kuchoka pamthiko.

Ndili ndi zaka 14 ndinapita kwa agogo ndi kope la sukulu ndi pensulo. Ndinafunsa kuti, "Agogo, ufa mumathira makapu angati?" Iwo anangoseka n'kunena kuti, "Iwe, ufa umadziwika ndi nthochi. Siya bukulo, gwira munsi." Tsikulo sindinalembe kalikonse, koma ndinaona chinthu chimene buku silikanandiuza: ankathira ufa pang'onopang'ono mumtondo momwemo, n'kumatsina zosakanizazo ndi zala ziwiri, ndipo anasiya kuthira pamene zinaleka kukakamira kuchala koma zikadali zonyezimira.

Njira imene ndinapeza pambuyo pake, ndipo ndimailimbikitsa kwa aliyense, ndi iyi. Pemphani kuti muphikire limodzi, ndipo mubweretse zipangizo zanu kuti musawawonongere zawo. Musanayambe, yezani ufa makapu 5 m'beseni, shuga kapu imodzi m'mbale, ndi madzi makapu 3 m'jagi. Asiyeni atape monga amatapira masiku onse, inu osalankhula za miyezo. Akamaliza, yezani zotsala, ndipo mudziwa zimene alowetsa. Chitani zimenezi katatu pa masiku osiyana, chifukwa ulendo umodzi ukhoza kukunamizani. Kenako phikani nokha iwo akuyang'ana, ndipo mulole kudzudzulidwa. Kujambula ndi foni kumathandizanso, makamaka pa kasonkhezedwe ka moto, koma yambani mwapempha, popeza achikulire ena sakonda kujambulidwa ali m'khitchini ndi chitenje chakuntchito.

Ndigwiritse ntchito ufa uti?

Mgaiwa ndiwo woyenera pa zitumbuwa, chigumu, mikate ndi thobwa. Uli ndi mafuta ake ndi kafungo ka chimanga, zimene zimachoka chimanga chikakonoledwa ndi kuviikidwa. Ufa woyera umatulutsa chigumu chouma, chosweka ngati dothi la pachulu, ndipo nthawi zina chimamveka kafungo ka mphale. Mgaiwawo ukhale wogayidwa posachedwa, chifukwa mafuta akewo amaupangitsa kuwawa ukakhalitsa m'thumba, ndipo muusefe kuti madeya akuluakulu atsale. Ngati mukufuna chigumu chopepuka, pa makapu 3 a ufa, imodzi ikhale ya fulawa. Ena amasakanizanso ufa wa soya wokazinga, zimene n'zabwino kwa ana, bola usapitirire gawo limodzi mwa magawo 4.

Zitumbuwa zimapangidwa bwanji, ndipo nthochi zake zikhale zotani?

Sendani nthochi 6 zakupsa kwambiri, zimene makoko ake ayamba kuda, ndipo muzisinje mumtondo kufikira zitasalala. Thirani kamchere kotsina ndi zala ndi kasoda kochepa chimodzimodzi, kenako mgaiwa pang'onopang'ono, pafupifupi makapu 2, mukusinjabe. Zisiyeni mphindi 15 kuti ufa umwe madzi a nthochi. Nyowetsani manja, umbani timipira, tiphwatalaleni pakati pa zikhatho kuti tikhale tokhuthala ngati chala, ndipo mukazinge mbali zonse kufikira titafiira. Madzi sathiramo, ndipo shuga ndi wosafunika ngati nthochizo zapsa bwino.

Nthochi zimene timazitcha makumbuka kapena kholobowa zimachita bwino chifukwa zilibe madzi ambiri, ndipo zikapsa zimagwira ufa. Kabuthu ndi wozuna koma wamadzi, choncho amafuna ufa wochulukirapo. Nthochi zinayamba kusowa ndi kukwera mtengo matenda a chisaka atawononga minda yambiri m'dziko muno, moti zina zimene timagula pamsika zimachokera ku Tanzania. Ine ndimapita madzulo kwa amayi ogulitsa nthochi n'kugula zofewa zimene ogula ena azikana, ndipo amandichotserako mtengo chifukwa akanazitaya.

Zosakaniza zomwezi mukazikulunga m'masamba a nthochi owamba pamoto, n'kuziwiritsa mumphika woyalamo timitengo ndi madzi ochepa kwa ola limodzi, mumapeza mikate. Imeneyi ndiyo inali njira ya makolo mafuta ogula asanafale.

N'chifukwa chiyani zitumbuwa ndi mandasi anga amamwa mafuta, kapena kupsa kunja kokha?

Vuto ndi kutentha kwa mafuta. Mafuta akakhala ozizira amalowa mkati chikhungu chisanaume, ndipo akatenthetsa kunja kumada mkati muli mwauwisi. Kutentha koyenera ndi madigiri 170 mpaka 180, koma simufunika chida choyezera. Ponyanimo kachidutswa kakang'ono: kakamira n'kukhala pansi mafuta sanatenthe, kakada nthawi yomweyo atenthetsa, koma kakamira pang'ono n'kuyandama kakuchita thovu m'mbali, yambani. Musadzaze chiwaya, chifukwa zambiri zikalowa nthawi imodzi mafuta amazizira. Chitumbuwa chikamaphwasuka m'mafuta ndiye kuti ufa wachepa kapena simunachisiye kuti chigwirane.

Pa mandasi pali chinanso. Pa fulawa makapu 4 ndimathira shuga theka la kapu, yisiti masupuni aang'ono 2, mchere theka la supuni yaing'ono, mafuta masupuni aakulu 2 ndi madzi ofunda kapu imodzi ndi theka. Shuga akapitirira pamenepa mandasi amada msanga. Madzi akhale ofunda chabe, popeza otentha amapha yisiti. Mukakanda, vundikirani kufikira fulawayo atafufuma kawiri msinkhu wake. M'mwezi wa Okutobala zimenezi zimatheka ola lisanathe, koma mu Juni ndi Julayi, mphepo ya kuno ikamawomba, zimatenga maola awiri pokhapokha beseni muliike padzuwa kapena pafupi ndi moto.

Ndilibe uvuni. Ndingaphike bwanji chigumu kuti chipse mpaka mkati?

Yambani ndi zosakaniza: mgaiwa makapu 3, nthochi 4 zosinja, shuga theka la kapu, soda supuni yaing'ono imodzi, mchere theka la supuni yaing'ono, mafuta masupuni aakulu 3, ndi chambiko kapena madzi pafupifupi makapu 2. Zikhale zolimba kuposa phala la mwana koma zofewa kuposa nsima, zoti zikhoza kugwa zokha pamthiko mwaulesi. Pakani mafuta m'poto wokhuthala, kapena yalanimo tsamba la nthochi, ndipo musadzaze kupitirira theka.

Chinsinsi chonse chili pa moto, ndipo lamulo lake ndi lakuti moto wambiri ukhale pamwamba, wochepa pansi. Dikirani kuti malawi athe, patsale makala okhaokha. Pansi siyani makala ochepa ndipo muwakwirire ndi phulusa pang'ono. Vundikirani poto ndi chivundikiro chachitsulo kapena chidutswa cha lata choyera, n'kuyalapo makala ambiri, makamaka cham'mbali, chifukwa pakati pamatentha pokha. Mphindi 10 zilizonse tembenuzani poto pang'ono kuti mbali imodzi isapse yokha. Musatsegule mphindi 25 zisanakwane. Chigumu chimapsa pa mphindi 40 mpaka 50, ndipo mumadziwa pobaya pakati ndi kamtengo koyera: kakatuluka kouma, chapsa. Mu uvuni wamagetsi ikani madigiri 180.

Ine ndinaphunzira zimenezi mochititsa manyazi. Pa chinkhoswe cha msuweni wanga anandipatsa ntchito ya zigumu zitatu za tiyi wa akuchimuna, ndipo pofuna kufulumira ndinakoleza mbaula yodzaza, n'kuikapo poto monga ndikuphika nyemba. Fungo linali labwino kwa mphindi zochepa, kenako linasintha. Nditagubuduza poto pa lichero, pansi pake panali pakuda ngati chiwaya, ndipo nditacheka, pakati panayenderera phala. Azakhali anafika, anayang'ana, osakalipa. Anatenga mpeni, anapala kunsi konse, anabwezera chigumucho m'poto chozondoka, n'kuchotsa makala onse a pansi kusiya phulusa lotentha lokha. "Mwana wa achimwene anga," anatero, "chigumu chimapsa ndi moto wa kumutu." Alendo anadya, ndipo chachiwiri ndi chachitatu ndinaphika azakhali atakhala pampando pambali panga.

Amene amaphika kawirikawiri angathe kuika mchenga wouma pansi pa poto wamkulu, n'kukhazika poto wa chigumu mkati mwake. Mchenga umagawa kutentha mofanana, ndipo njira yomweyi imaphika masikono ndi makeke.

Chigumu changa chimawawa ndipo chimaoneka chachikasu. Ndalakwitsa pati?

Mwachulutsa soda. Soda amatupitsa chakudya akakumana ndi chinthu chowawasa, monga chambiko, madzi a ndimu kapena nthochi zakupsa, ndipo pamenepo amatulutsa mpweya umene umapanga timabowo mkati. Soda wotsala, amene sanapeze chowawasa, ndi amene amawawa ngati sopo ndi kusintha mtundu. Supuni yaing'ono imodzi yosadzaza mpaka pamwamba imakwanira makapu 3 a ufa. Ngati mukugwiritsa ntchito madzi okha, finyiranimo theka la ndimu. Mukathira soda musachedwe kuika pamoto, chifukwa mpweya uja umayamba kuthawa nthawi yomweyo.

Agogo ankagwiritsa ntchito chidulo, madzi osefedwa m'phulusa la zitsononkho kapena la makoko a nyemba, chomwe chija chophikira therere. Chimagwira ntchito, koma mphamvu yake imasiyana malinga ndi phulusa, choncho wongoyamba kumene ayambe ndi soda wa m'sitolo.

Mtedza wa shuga umapangidwa bwanji kuti ulimbe osakakamira m'mano?

Kazingani mtedza makapu 2 pamoto wochepa, uzizire, muufikise m'manja ndi kuupeta kuti makungu achoke. Pakani mafuta pathireyi musanayambe za shuga, chifukwa pambuyo pake simupeza mpata. Ikani shuga kapu imodzi, madzi masupuni aakulu 4 ndi madontho ochepa a ndimu m'poto, ndipo mutakase kufikira shuga atasungunuka, kenako siyani kutakasa. Ndimu imaletsa shuga kubwereranso kukhala mchenga. Akayamba kufiira ngati tiyi wopanda mkaka, donthezani pang'ono m'kapu ya madzi ozizira. Dontho likakhala lofewa ngati phula, sanafike, ndipo ndi amene amakakamira m'mano. Likauma n'kuthyoka kuti thyo, wafika, ndipo apo ndi pa madigiri pafupifupi 150. Thirani mtedza, takasani msanga, khuthulirani pathireyi, phwatalalitsani ndi botolo lopaka mafuta, ndipo mulembe mizere ndi mpeni zisanazizire.

Shuga wosungunuka amatentha kuposa madzi owira ndipo amamatirira pakhungu, choncho ana asayandikire ndipo mwana wakumbuyo mutsitseni kaye. Pa mtundu wa mtedza, Chalimbana ndi wokoma ndipo njere zake zazikulu zimaoneka bwino m'maswiti, pamene CG7, wofiira uja, ali ndi mafuta ambiri ndipo amayenera chiponde.

Kodi kukazinga mtedza kumapha chuku?

Ayi. Poizoni wa chuku, amene akatswiri amamutcha aflatoxin, sachoka ndi kukazinga kapena kuwiritsa. Saoneka ndi maso nthawi zonse, ndipo akamadyedwa kwa nthawi yaitali amawononga chiwindi, amayambitsa khansa ya chiwindi, komanso amagwirizana ndi kupinimbira kwa ana. Amayamba mtedza ukakumana ndi ng'amba kumapeto kwa nyengo, ukaumikidwa padothi, ukasungidwa usanaume, kapenanso ukawazidwa madzi kuti makoko afewe pouswa, chizolowezi chimene chikadalipo m'midzi yathu. Ineyo ndinagulapo ndowa ya mtedza pamsika wina, wolemera mokayikitsa, ndipo patatha sabata unali utachita nguwi pansi pa thumba.

Chimene chimandipweteka mtima n'chakuti kuno ku Mchinji ndi ku Kasungu, komwe mtedza umalimidwa kwambiri, wabwino timagulitsa ndipo wotsala posankha ndi umene timasinja nsinjiro za ana athu. Mayiko a ku Ulaya salola mtedza wodya anthu wopitirira magawo 4 a poizoniyu pa magawo biliyoni imodzi, ndipo alimi otumiza kunja amasankha njere imodziimodzi. Pakhomo pafunika kusankha komweko. Tayani wamphwephwa, wosweka, wofumbwa, wakuda ndi wowawa, ndipo musungire mtedza m'makoko ake pamalo ouma, n'kumaswa wokwanira sabata imodzi.

Futali ndi makeke a mbatata: mbatata yake ikhale iti?

Mbatata yongokumbidwa kumene siizuna kwenikweni. Ikakhala pamthunzi sabata imodzi kapena awiri imazuna, chifukwa wina mwa ufa wake umasanduka shuga. Pa futali, sendani, dulani, wiritsani ndi madzi ochepa ndi kamchere, ndipo ikatsala pang'ono kupsa thirani nsinjiro kapu imodzi pa mbatata 5 zapakatikati. Vundikirani mphindi 10 kuti nsinjiro zipse musanatakase, apo ayi zimamveka zauwisi. Maungu, chinangwa ndi nthochi zosapsa zimaphikidwa chimodzimodzi. Za kusankha mtedza wa nsinjirozo onani funso la chuku.

Mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere ndi Chipika, ili ndi vitamini A ndipo ndi yofewa, choncho imayenera makeke. Sakanizani mbatata yophika ndi yosinja kapu imodzi, fulawa makapu 2, shuga theka la kapu, majarini masupuni aakulu 4, dzira limodzi ndi baking powder masupuni aang'ono 2. Dulani ndi kukamwa kwa tambula ndipo muphike mphindi 15 mpaka 20 m'poto wamchenga amene ndafotokoza pa funso la uvuni. Mbatata yomweyo ikhoza kulowa m'malo mwa gawo limodzi mwa magawo 3 a fulawa wa mandasi, ndipo phindu la wogulitsa limakwera.

Thobwa la agogo linkazuna popanda shuga. Ankatani?

Ankadalira chimera. Chimanga, mawere kapena mapira zikaviikidwa n'kumera, mumbewumo mumabadwa mphamvu imene imasandutsa ufa kukhala shuga. N'chifukwa chake phala lolimba limasungunuka mukangothiramo chimera. Mphamvuyi imafa ndi kutentha kwambiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa pothira chimera phala likadabwadamuka. Phulani phala, lipole kufikira poti chala chikhoza kupirira kamphindi, thirani chimera mukutakasa, vundikirani ligone usiku, ndipo m'mawa muliwiritsenso. Kuwiritsa kwachiwiriku kumachedwetsa kusasa. Chimera cha mawere chimapatsa thobwa mtundu wofiirira ndi fungo limene chimera cha chimanga sichingapereke. Likakhala masiku angapo m'nyengo yotentha limasasa n'kuyamba ukali wa mowa, ndipo pamenepo si la ana kapena la kumpingo.

Nanga malambe ndi jamu?

Mitengo ya malambe siichuluka kumtunda kuno. Malambe amene timagula amachokera kumadera otentha monga Salima, Mangochi ndi m'chigwa cha Shire. Viikani makapu 2 m'madzi makapu 6 kwa maola awiri, fikisani kuti njere zilekane ndi ufa wake, sefani, thirani shuga, ndipo mukafuna muumitse mufiriji m'timapepala. Madziwo akhale owiritsa n'kuzizira kapena othira klorini, chifukwa kuumitsa mufiriji sikupha tizilombo ta matenda otsegula m'mimba, ndipo mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 tonse tikuukumbukira.

Jamu ndi njira yopulumutsira mango amene amangowolera pansi mu Disembala. Pa makapu 4 a mango osenda ndi kudula thirani shuga makapu 3 ndi madzi a ndimu imodzi, ndipo muwiritse mukutakasa kufikira dontho lake likaikidwa pambale yozizira likuchita makwinya polikankha ndi chala. Chidede chimagwirana mosavuta ndipo jamu yake ndi yofiira mokongola. Mabotolo ndi zotsekera zake muziwiritse mphindi 10, ndipo muthiremo jamu ikadali yotentha. Mukachepetsa shuga, jamuyo idyedwe msanga chifukwa siisungika. Masuku ndimaona kuti n'kuwalakwira kuwaphika, ngakhale agogo ankawafinyira m'phala.

Zimasungika masiku angati, ndipo n'ziti zoyenera kutumizira mwana kusukulu yogonera?

Zonyowa sizichedwa kuwonongeka. Futali ndi la tsiku lomwelo. Zitumbuwa, mikate ndi mandasi zimafika mawa lake, ndipo chigumu masiku awiri kapena atatu m'nyengo yozizira, koma mukaona kuti chikuchita ulusi pochinyema, tayani. Chilichonse chizizire kaye musanachitsekere, popeza thukuta la m'pulasitiki ndilo limabweretsa nguwi. Zotumiza kutali zikhale zouma: mtedza wa shuga m'chitini chotseka bwino, chiponde, jamu, ndi kamba wa chimanga ndi mtedza wokazinga. Mtedza wa shuga umakhala masabata awiri kapena atatu, koma m'nyengo ya dzinja umayamwa chinyezi n'kuyamba kumata.

Kodi ana ndi odwala matenda a shuga angadye zimenezi?

Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi, chifukwa ukhoza kukhala ndi tizilombo timene matumbo ake sangalimbane nato, ndipo mwana wosakwana zaka 5 asapatsidwe mtedza wathunthu poopa kutsamwa. Nsinjiro m'phala kapena m'futali n'zabwino kwa iwo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wothira m'zakudya asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya patsiku, zimene kwa wamkulu ndi masupuni aang'ono pafupifupi 12. Tiyi wathu yekha, mmene timamuthirira shuga, amatha kumaliza theka la muyezowu.

Odwala matenda a shuga asanamizidwe ndi mawu akuti "mulibe shuga". Chigumu chopanda shuga wa m'paketi chikadali ndi ufa ndi nthochi, ndipo thobwa la chimera lili ndi shuga wake, monga ndafotokozera pa funso la thobwa. Zonsezi zimakweza shuga m'magazi, choncho kuchuluka kwake akambirane ndi achipatala amene amawaona.

Mnzanga akukana kundiuza kaphikidwe kake. Ndipo kodi n'kulakwa kusintha kaphikidwe ka agogo?

Yambani mwaona ngati kaphikidweko ndi kamene kamamudyetsa. Mayi amene amalipira fizi ya ana ndi mandasi a pasiteji sangaphunzitse munthu amene mawa adzakhazika ndowa yake pambali pake, ndipo pamenepo palibe nkhanza. Mukamuuza poyera kuti n'zodyera pakhomo, kapena kuti mukagulitsira kwina, ambiri amamasuka. Ku banki m'khonde kwathu tinagwirizana kuti wophunzitsidwa azibweretsa chigumu kapena mandasi ake oyamba kwa amene anamuphunzitsa, ndipo asagulitse pamalo amodzi ndi iye.

Za kusintha, agogo nawonso anasintha zimene anapeza. Amayi awo ankawiritsa mikate m'masamba, iwo anayamba kukazinga mafuta atafika m'masitolo, azakhali anabweretsa soda m'malo mwa chidulo, ndipo ine ndinawonjezera mbatata yofiira. Chimene ndimapempha ana anga n'chakuti ayambe adziwa kaphikidwe kakale monga kalili, kenako asinthe chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, kuti zikalakwika adziwe cholakwitsa. M'kope langa tsamba la kumanzere ndi la agogo, lolembedwa monga ndinayezera pambuyo pa dzanja lawo, ndipo la kumanja ndi la zosintha zanga ndi chaka chake. Mwana wanga wamkazi, amene ali ku Lilongwe, anajambula masamba onse awiri ndi foni, koma sabata yatha anaimbabe kufunsa kuti makala a pamwamba akhale ochuluka bwanji, ndipo tinagwirizana kuti akabwera pa Khirisimasi adzasonkha yekha moto ine nditakhala pampando.